Chibwibwi cha Ndege ya a Mhango

1995 mpaka 2000

Ana anga, m'chigawo chino ndikulemba za zina mwa zaka zimene ndinagwira ntchito pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, kuyambira 1995 mpaka pamene ndinapuma mu 2009. Ndisanalowe ntchito kumeneko ndinkakonza mawailesi pakhonde la sitolo ya Che Saidi ku Masambanjati. Che Saidi anali Msilamu wochokera ku Mangochi, mwini sitolo ndi lole imodzi, ndipo anandipatsa khondelo chifukwa ankakonda kuonerera munthu akumasula zinthu. Chitsulo chowotcherera mawaya ndinkachitenthetsa pambaula, amayi ogulitsa nthochi n'kumandiseka kuti ndikuphika wailesi. Tsiku lina dalaivala wa esiteti anabwera ndi wailesi yolankhulirana ya m'galimoto imene inali itawakanika ku wekishopu. Ndinaikonza ali chiimire, ndipo mwezi usanathe ndinaitanidwa ku ofesi.

Ntchito yanga yoyamba inali ku wekishopu ya zamagetsi. Ndinkakonza mawailesi a akapitawo, matelefoni ndi masikelo oyezera masamba. Makompyuta atabwera mu 1997 panalibe amene ankawadziwa, ndipo akawonongeka tinkadikira munthu wochokera ku Blantyre. Ine ndinkamunyamulira chikwama n'kumaonerera zimene akuchita. Akuluakulu ataona kuti ndayamba kukonza tinthu tina ndekha, ananditumiza ku kosi ya miyezi ingapo ku Blantyre. Nditabwerako anandiika ku divishoni ya kufupi ndi Khwethemule, kumene mphenzi inkapha makina chaka ndi chaka, ndipo ndinakhala kumeneko mpaka kumapeto kwa 2000. Zipangizo zinali zosowa kwambiri. Kompyuta ikafa sitinkaitaya, tinkaisunga m'sitolo ngati galimoto yakale, n'kumachotsako kachipangizo kamodzikamodzi pofuna kupulumutsa zinzake.

2001

Anandibweza ku ofesi yaikulu chaka chimene kunabwera manejala wamkulu watsopano, a Mhango, ochokera ku Rumphi. Anali munthu wamtali, wa imvi kale, wokonda kuseka ndiponso wosachedwa kupsa mtima. Anaphunzira za ulimi, ndipo ankatha kuima pamunda wa tiyi n'kukuuzani kuti kapitawo wa pamenepo wachedwetsa kuthyola. Ali mnyamata anaphunzirako kuyendetsa ndege zing'onozing'ono n'kutenga laisensi, koma ntchito ndi ana zitachuluka anasiya, laisensiyo n'kutha mphamvu. Tsopano ana atakula anafuna kubwereranso. Nthawi zina Loweruka ankapita ku Chileka kukauluka ndi mphunzitsi, ndipo masiku enawo ankayeserera pa kompyuta ya kunyumba kwawo.

Tsiku lina Lachisanu anandipeza ndikupukuta pulinta. "A Makwinja, mawa masana mubwere kunyumba. Ndege yanga ikudwala." Ine ndinadabwa, chifukwa pa esiteti ndege inkabwera kamodzi pachaka kudzamwaza feteleza, ndipo siinali yawo. Nditafika anandilowetsa m'chipinda chowerengera. Pa tebulo panali kompyuta, ndodo yowongolera yokhala ndi mabatani, ndipo pansi panali zopondera ziwiri. Anatsegula gemu, ndipo pa sikirini panaoneka m'kati mwa ndege, mawotchi ake onse, ndi msewu wa ndege kutsogolo. Ananyamuka bwinobwino, nazungulira, koma pamene ankatsika kuti atere, chithunzi chinaima pang'ono, kenako chinadumpha, ndege n'kumenya pansi ngati thumba la chimanga. "Mwaona?" iwo anatero. "Ili ndi chibwibwi. Ikafika pa mawu ofunika imadodoma. Munthu ungaphunzire bwanji kutera ndi chinthu chotere? Mphunzitsi wanga akuti ndimatera ngati ndikukwiyira nthaka."

Ndinawauza zoona, kuti gemu yotere sindinaionepo. Iwo anati zilibe kanthu, tiphunzira limodzi. Kuchokera tsiku limenelo Loweruka masana, akakhala kuti sanapite ku Chileka, ndinkapita kwawo. Mayi Mhango ankatipatsa tiyi ndi zitumbuwa n'kumatiseka kuti ndife ana awiri a imvi. Amayi anu poyamba sankakhulupirira. Ankati, "Inu, kuchoka kuno mpaka ku bangalo kukasewera gemu ndi bwana? Nenani zoona." Koma tsiku lina ndinawatenga, anaona okha, ndipo anabwerako akuseka njira yonse.

2002

A Mhango anali munthu wosakhulupirira chinthu chimene sichinayezedwe. Anandifotokozera kuti zimene timaona zikuyenda pa sikirini ndi zithunzi zambiri zosinthana mofulumira, ndipo zikamasinthana mochedwa diso limaona kudodoma. M'buku la gemuyo tinapeza kuti ukadina mabatani awiri, pakona pa sikirini pamatuluka tinambala tofiira tosonyeza kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi. Iwo ankayendetsa, ine n'kumawerenga mokweza. Chodabwitsa chinali chakuti nambalayo inkakhala cha m'ma twente, osatsika kwenikweni, koma chibwibwi chinali chikhalirebe. Ndinaganiza kuti mwina nambalayo ndi yabodza. Iwo anamenya tebulo. "Si yabodza ayi, ndi avareji! A Makwinja, kapitawo akandiuza kuti gulu lake lathyola bwino pa avareji, ndimadziwa kuti pali munthu mmodzi amene wagona pansi pa mtengo tsiku lonse, anzake amubisa. Apanso pali chithunzi chimodzi chimene chikugona. Tichipeze chimenecho."

Njira yochipezera inandibwerera ku Masambanjati. Nthawi imeneyo Che Saidi anali atagula kamera ya vidiyo ndipo ankajambula maukwati. Ndinawapeza m'sitolo akuonetsa anthu tepi ya ukwati wina, ndipo pofuna kuwaseketsa ankaimitsa deki n'kumadina batani loyendetsa chithunzi chimodzichimodzi, mkwatibwi n'kumaoneka akukweza phazi pang'onopang'ono. Ndinawafunsa kuti kamerayo imajambula zithunzi zingati pa sekondi. Anati makumi awiri ndi zisanu, osasintha. Ndinawafotokozera vuto lathu, ndipo asanamve zonse anali atayamba kale kulongedza. "Kujambula ndege ya bwana? Tiyeni, achimwene. Maukwati andikwana, onse amavina mofanana."

Loweruka lotsatira tinaimika kamera pa miyendo yake kumbuyo kwa mpando wa a Mhango. Bokosi la kompyuta ndinalikweza pa tebulo pafupi ndi sikirini kuti kagetsi kake, kamene kamaphethira kompyuta ikamawerenga zinthu mu hadi disiki, kalowenso m'chithunzi. A Mhango anatera kangapo, kapena ndinene kuti anagwa kangapo, kenako tinapita pabalaza kukaika tepi mu deki. Che Saidi ankadina batani, ine ndi bwana titagwada patsogolo pa wailesi yakanema. Ndege ili m'mwamba, pafupifupi kudina kulikonse chithunzi chinkasuntha. Itayandikira pansi, pamene mitengo ndi nyumba zinayamba kuoneka, Che Saidi anadina, chithunzi osasuntha. Anadinanso, osasuntha. Tinawerenga limodzi mokweza mpaka kasanu ndi katatu, kagetsi kaja kali chiyakire, kenako ndege inapezeka yadumphira kutsogolo. A Mhango anadzuka n'kuyamba kuvina pakati pa balaza. "Tamugwira! Tamugwira waulesi uja!" Anawerengera kuti kuima kumeneko kunali ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, ndipo pa nthawi yochepa choncho ndege yotera imakhala itapita mamita ngati khumi woyendetsa asakuona kanthu. Mayi Mhango anatuluka kukhitchini kudzaona chimene chagwa, n'kupeza amuna atatu akuluakulu akugwirana chanza chifukwa cha chithunzi choima.

Matenda tinawadziwa. Memore ya kompyutayo, momwe imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito nthawi yomweyo, inali yochepa, choncho ndege ikayandikira pansi, kompyuta inkaima kaye kukatenga mitengo ndi nyumba mu hadi disiki. Mankhwala ake anali kuwonjezera memore, koma ku Blantyre mtundu umenewo kunalibe, ndipo wa sitolo ankangotiuza kuti katundu ali m'njira kuchokera ku Joni. Tinadikira dzinja lonse. Amene anatithandiza ndi mphenzi. Inagwa ku fakitale n'kupsereza kompyuta ya ku ofesi ya kumeneko, ndipo nditaimasula ndinapeza kuti bolodi la m'kati mwake lapsa koma memore ili moyo. A Mhango sanafune kungotenga. Anauza akauntanti kuti aigulitse kwa iwo monga amagulitsira zinthu zakufa, ndiye ine ndinakaiika. Ndinachotsanso fumbi la tiyi limene linali litatseka fani, ndipo m'gemu tinachepetsa mitambo. Titayesa, ndege inatsetsereka ngati madzi mpaka pansi. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndi nkhuku.

2003

Chisangalalocho sichinakhalitse. Patapita milungu ingapo a Mhango anayambanso kudandaula. Ankatsika bwino, koma pafupi ndi pansi ankakoka ndodo mochedwa, ndege n'kumenya nthaka, iwo n'kukuwa kuti yadodomanso. Ine ndinali nditakhala pambali pawo ndipo sindinaone kudodoma kulikonse, koma ndinaganiza kuti mwina maso anga ndi amene azolowera. Tinaitananso Che Saidi. Tsiku limenelo bwana anaitanidwa ku fakitale titangomaliza kujambula, choncho tepi tinakaionera ku sitolo awiriwiri. Kamerayo inkajambula ndi mawu omwe. Tinapeza malo pamene a Mhango anakuwa kuti "yadodoma", tinabwerera pang'ono, n'kuyamba kudina. Chithunzi chinkasuntha kudina kulikonse. Tinayesa malo achiwiri, achitatu, chimodzimodzi. Kagetsi kaja kanali kozima.

Che Saidi anabwezanso tepi, koma ulendo uno sanayang'ane sikirini ya kompyuta. Analoza mutu wa a Mhango umene unkaoneka m'mphepete mwa chithunzi. "Taonani apa, achimwene. Akayandikira pansi akupendeketsa mutu, akusuzumira ndi diso la kumanzere. Bambo anga ankachita chomwechi poyeza nsalu, ng'ala isanawatseke diso." Nditamva zimenezo, zinthu zina zinayamba kundibwerera. Tinambala tofiira tija a Mhango sanatiwerengepo okha, nthawi zonse ankati ndiwawerengere. Mwezi womwewo anali atakhula galimoto pa geti la ofesi kunja kuli nkhungu ya chiperoni, n'kukalipira mlonda kuti sanatsegule bwino. Ndiponso kuti laisensi ibwerere ankafunika kukayezedwa ndi dokotala, koma nthawi zonse ankati apita mwezi wamawa.

Lolemba m'mawa anandiitana ku ofesi kwawo ali okondwa. Anati aganiza kuti kompyuta ija yakalamba basi, agula ina yamphamvu, ndipo popeza esiteti ikufunanso makina atsopano, anditumiza ku Joni kuti ndikasankhe ndekha komanso ndikachite kosi ya mwezi umodzi. Ana anga, ine ndinali ndisanatulukepo m'dziko muno. Setifiketi ya kumeneko ikanandikweza pa ntchito. Chimene ndinkafunika kuchita chinali kungovomera kuti kompyuta ndi yolakwa. Ndinawapempha kuti ndiwayankhe mawa lake. Kunyumba ndinawafotokozera amayi anu zonse. Iwo anandifunsa funso limodzi lokha: "Mukapita ku Joniko n'kubwera ndi kompyuta yatsopano, bwanayo ayamba kuona?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye muzikadya chiyani kumeneko n'kukhuta, mukudziwa kuti munthu akuyenda pa msewu wa Thyolo ndi diso limodzi?" Komabe anawonjeza kuti ndilankhule mwaulemu, chifukwa ana atatu anali ku sekondale.

Mawa lake ndinawapempha kuti tikaonere tepi kunyumba kwawo nthawi ya nkhomaliro. Ndinawaonetsa malo onse atatu, ndikudina ndekha, iwo akumva mawu awo akukuwa pamene chithunzi chikuyenda bwinobwino. Kenako ndinati, "Bwana, kompyutayi ilibe chibwibwi. Ine si dokotala, koma ndikupempha kuti mukaonetse diso lanu lakumanja musanagule ina." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu, "A Makwinja, pa esiteti pano munalembedwa ntchito ya makompyuta kapena ya chipatala?" Ndinati ya makompyuta, bwana. Anati, "Ndiye bwererani ku makompyuta anu." Ndinafuna kutulutsa tepi, koma iwo anati ndiisiye momwemo.

Milungu yotsatira inali yowawa. Tikakumana pakhonde la ofesi ankangogwedeza mutu. Za ku Joni sizinatchulidwenso, ndipo Loweruka ndinkakhala pakhomo n'kumapalira chinangwa. Anzanga ankandifunsa chimene ndalakwa, ine osawayankha, chifukwa nkhani ya diso la munthu si yoyenda nayo. Tsiku lina Mayi Mhango anaimitsa galimoto pamene ndinkayenda kupita ku fakitale. Iwo ndi amene ankayendetsa, bwana kunalibe. Anatsitsa galasi n'kunena kuti, "Tepi ija waionera yekha kambirimbiri. Dzulo tinapita kwa dokotala wa maso ku Blantyre. Ndi ng'ala, diso lakumanja, ndipo yayambanso kumanzere. Akuti achotsa." Anakhala ngati akufuna kupita, kenako anawonjeza, "Ine ndakhala ndikumuuza chaka chonse, osamva. Zinafunika tepi."

A Mhango anachitidwa opaleshoni diso limodzi, patapita nthawi linanso. Atabwerera ku ntchito anandituma mesenjala kuti Loweruka ndipite. Ndinawapeza atakhala kale pa kompyuta yomwe ija, atavala magalasi atsopano. Sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere kuti apepese. Anangoti, "Khalani apa, a dokotala." Anadina mabatani awiri aja, nayang'ana pakona, n'kuyamba kuseka mpaka misozi. "Kodi tinambalati ndi tofiira? Ine nthawi yonseyi ndimayesa ndi dothi la pa sikirini!" Anawerenga okha mokweza, akuuluka, akuzungulira, ndipo potera mateyala anakhudza pansi mofewa moti sitinamve n'komwe. Anatera kachiwiri, kachitatu. Mayi Mhango anaimirira pakhomo akululutira ngati pa chinkhoswe. Ku Joni sindinapite, chaka chimenecho kapena china chilichonse, ndipo sindinadandaulepo.

2004

Dokotala wa oyendetsa ndege anawavomereza, mayeso anakhoza, ndipo laisensi inabwerera nyengo yachisanu itangotha. Munthu woyamba kumunyamula anali Mayi Mhango. Wachiwiri ndinali ine, pamodzi ndi Che Saidi amene anakana kutsala ndipo anabwera ndi kamera yawo. Ndege anabwereka ku Chileka n'kudzatera pa kabwalo ka udzu ka pa esiteti. Anthu othyola tiyi anasiya madengu m'mizere n'kuthamangira kumpanda, akapitawo osawaletsa chifukwa nawonso ankathamanga. Kandegeko kanali kakang'ono kuposa mmene ndinkaganizira, ka mipando inayi, ndipo chitseko chake chinali chopyapyala ngati cha kabati. Che Saidi anapemphera m'Chiarabu, ine m'Chilomwe, a Mhango n'kunena kuti apemphera m'Chitumbuka kuti kumwamba asasokonezeke kuti ndege ndi ya ndani.

Titanyamuka ndinatsinzina, koma nditatsegula maso ndinaiwala mantha. Minda ya tiyi imene ndinaiyenda ndi mapazi zaka zonsezo inali yoyalidwa ngati kapeti wobiriwira, misewu yofiira ikudutsa pakati, madamu akunyezimira, ndipo kutali phiri la Mulanje linali litaima lokha pamwamba pa nkhungu. Fakitale inaoneka ngati bokosi la machesi lofuka utsi. A Mhango ankayendetsa mwakachetechete, nkhope ili ngati ya mwana. Anandifunsa kudzera m'zomvera za m'makutu kuti kwathu ndi kuti, ndipo ndinawalozera cha ku Changata. Tinadutsa pamwamba pa Masambanjati, Che Saidi akukuwa kuti aona lole yawo ndipo dalaivala waiimika pamalo olakwika. Kenako tinafika pamudzi pathu. Ndinali nditawauza amayi anu kuti mwina tidutsa, ndipo ndinawaona pabwalo akukupiza chitenje, inu ana mukudumphadumpha, anthu oyandikana nawo akutuluka m'minda ya nthochi. A Mhango anapendeketsa ndege n'kuzungulira nyumba yathu kawiri kuti ndione bwino.

Madzulo ake nditafika pakhomo, pabwalo panali podzaza. Aliyense ankafuna kudziwa ngati kumwamba kumazizira, ngati ndinasanza, ngati mitambo imagwirika. Ndinayankha onse mmene ndikanathera. Anthu atabalalika amayi anu anakhala nane pakhonde n'kundifunsa kuti pa zonse zimene ndaona kumwambako, chandikhudza kwambiri n'chiyani. Ndinaganiza za phiri, za madamu, za minda, koma ndinawauza zoona. "Amayi, denga lathu lachita dzimbiri mbali yonse ya kumbuyo. Pa nyumba zonse za pano, lathu ndiye loipitsitsa." Anaseka mpaka kugwira m'nthiti, kenako anati popeza mudzi wonse tsopano ukudziwa kuti mwamuna wawo amayendera denga pa ndege, malata atsopano akhale atakhomedwa mvula isanagwe. Tinakhoma mu Okutobala, ndipo ndi omwewa amene mukugona pansi pake mukabwera kudzandiona.